Kakiyi ka M'kamwa ndi Dzanja la Apongozi

Ndinabadwa ndi nsagwada yam'mwamba yopapatiza, koma ndinadziwa zimenezi nditapitirira kale zaka makumi atatu. Kwathu ku Nkhudzi palibe amene amayeza munthu m'kamwa. Anthu ankangoona kuti mano anga am'mwamba anapanikizana ngati okwera minibasi ya tsiku la msika, lina patsogolo, lina pambuyo, lina litatembenukira kumbali ngati lakwiya ndi anzake. Potafuna ndinkadziluma tsaya. Mphuno ndinali nayo, yooneka bwino ndithu, koma inali yokongoletsa chabe. Mpweya wonse unkadzera pakamwa. Za mkonono sindinena zambiri. Mkazi wanga ankati ngakhale mbuzi za pakhomo zinachita kuzolowera.

Ntchito yanga ndi yolemba mayina pa maboti ndi pa magolosale. Sukulu ndinalekezera Sitandade 5, koma kuwerenga sindinasiye. Ndawerenga nyuzi zokulungira nsomba, timapepala ta m'mabokosi a mankhwala, buku la malangizo a injini ya boti lopanda chikuto, ndiponso buku lina lofotokoza thupi la munthu lomwe chiswe chinadya theka. Chiswecho chinayambira kumapeto, choncho za mutu ndi chifuwa ndimazidziwa bwino, koma za mawondo musandifunse. Vuto la munthu wophunzira yekha ndi loti palibe womuuza kuti apa walakwa. Amangopitirira, mutu uli m'mwamba.

Chimene chinanditengera kuchipatala cha ku boma ndi dzino lobooka. Dokotala wa mano atalichotsa anakhalabe akusuzumira m'kamwa mwanga ngati wataya ndalama yachitsulo m'chitsime. Kenako anandiuza kuti kuchipatala chachikulu ku Blantyre kwabwera madokotala okonza nsagwada ngati yangayi, ndipo akufuna anthu akuluakulu oti awaone. Anandilembera kalata. Ndinaiwerenga kasanu mu basi, ngakhale kuti mawu amene ndinawamva anali dzina langa ndi deti.

Adokotala anali mayi wamfupi, wolankhula mosathamanga. Anandijambula mutu, nandionetsa chithunzi cha mafupa anga. Anati kale munthu wamkulu ngati ine ankagonekedwa tulo, n'kudulidwa fupa kuchokera tsaya ili mpaka linalo, n'kugona m'chipatala nkhope itatupa ngati dzungu. Koma njira imene iwo anabwera nayo inali yaing'ono: kung'amba pang'ono malo atatu m'kati mwa mlomo, pamwamba pa usinini, kufooketsa fupa pamalo ochepa, kenako kumangirira kachitsulo kumwamba kwa m'kamwa ndi timisomali tinayi. Kachitsuloko kali ndi kabowo pakati. Ukalowetsa kakiyi n'kukankhira kukhosi, kamatanuka pang'ono kwambiri, ndipo nsagwada imatanuka nako; kabowo kaja kamabisika, kena n'kutuluka kodikira ulendo wotsatira.

Apa ndinaona mpata woonetsa maphunziro anga.

"Paja fupa lam'mwambali ndi mafupa awiri olumikizana pakati, eti adokotala?"

Anandiyang'ana. "Ndi choncho kumene. Munawerenga kuti zimenezi?"

Funso limenelo linandiwononga. Kwa mwezi wathunthu ndinkayenda ngati ndine ndinaphunzitsa adokotalawo.

Opaleshoni yake sinandipatse nkhani yoti ndizikafotokoza pagombe. Anandibaya jakisoni wa dzanzi, ndinamva phokoso ngati munthu akupala mphika kuseri kwa nyumba, ndipo ndisanamalize kuwerenga mabowo a kudenga anati tatha. Mkazi wanga, amene panthawiyo anali ndi pakati pa mwana wathu woyamba, anaitanidwa kuti aphunzire kupotokola kakiyi. Adokotala anamufotokozera zambiri. Ine ndinangomvako chimodzi, chifukwa anachinena atandigwira phewa:

"Ntchito yanga yatha, yatsala yanu. Pakapita masiku asanu ndi limodzi muyambe. Kamodzi m'mawa, kamodzi masana, kwa milungu itatu. Fupa likagwirana tisanafike pomwe tikufuna, kakiyi sikazunguliranso, ndipo tidzabwerera ku opaleshoni yaikulu ija."

Zina zonse zinandidutsa. Pakhoma panali chipepala chachikulu chofotokoza matenda a usinini, ndipo ine chipepala cholembedwa sindichidutsa.

Tsopano ndinene za pakhomo. Ine ndine mkamwini. Ndinamanga pamudzi pa mkazi wanga. Nyumba ya apongozi anga aakazi ili mapazi makumi atatu kuchokera pakhonde langa, koma m'zaka zitatu zimene ndinakhalapo tinali tisanayang'anane m'maso. Banja lawo limasunga mwambo umenewu mwamphamvu. Tikakumana panjira, wina ankapatukira m'tchire. Moni tinkapatsana patali, ine nditanjuta, iwo atayang'ana kumbali ngati pali china chake chosangalatsa pa mpanda. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo, ngakhale ine ndili pomwepo. Sikuti panali chidani, ayi. Ndiwo zabwino zinkabwera kuchokera kwawo, denga lawo ndinkafolera ndine. Kungoti zidendene zawo ndinkazidziwa bwino kuposa nkhope yawo.

Mayi amenewa ali ndi luso limodzi lodziwika dera lonse: kuchotsa minga ya nsomba pakhosi. Munthu akatsamwa ndi munga wa chambo kapena wa mcheni, amathamanga naye kwa iwo, ena kuchokera ku Chembe kumene. Amamukhazika pansi moyang'ana dzuwa, n'kulowetsa zala zawo zazitali zowonda, ndipo asanamalize kulira munga uli kale pachikhatho. M'kamwa mwa anthu a m'mudzi mwathu analowamo monse, kupatula mwanga.

Masiku asanu ndi atatu oyamba zinayenda bwino. Ndinkagona chagada pamphasa, mkazi wanga n'kugwada movutikira ndi mimba yake, n'kulowetsa kakiyi. Kakiyiko ndi kawaya kokhota kokhala ndi chogwirira, ndipo ankamanga chingwe chake padzanja kuopa kuti ndingakameze. Akakankha ndinkamva kuthina pakati pa maso ndi pamphuno, kwa kanthawi kochepa basi. Tsiku lachisanu pakati pa mano anga akutsogolo panaoneka kampata kolowa chikhadabo.

Tsiku lachisanu ndi chinayi mkazi wanga anapita kusikelo, ndipo anabwerako ndi uthenga. Anamwino anaona kuti mapazi atupa, ndiye anati asadikire pakhomo, apite kuchidikiro ku boma tsiku lomwelo. Mkulu wake amene amakhala m'tauni ndiye akamuyang'anire; apongozi adzatsatire nthawi ikayandikira, popeza anali ndi usipa pathandala wosati n'kuusiya.

Akumanga katundu, mkazi wanga anaima n'kundiyang'ana. "Nanga kiyi?"

"Pitani mayi, musadandaule. Ine ndimalemba zilembo zazing'ono ngati nyerere pa boti likugwedezeka. Kabowo kamodzi kangandikanike?"

"Mukunena zoona?"

"Ndawerenga zonse."

Anapumira m'mwamba, nakwera kabaza.

Masana amenewo ndinabwereka galasi la njinga yamoto, ndinaliimika pa mpando, ndinakhala moyang'ana dzuwa n'kuyasamula. Chimene buku lililonse silinandiuze n'chakuti m'galasi dzanja limapita kumene sunalitume. Ndikafuna kumanja linkapita kumanzere. Ndikalowetsa zala, zalazo zinkatchinga kuwala. Malovu ankatsika pachigongono. Patapita nthawi ndinalasa kabowo, ndinakankha, kakiyi n'kuterereka pakatikati. Nditayang'ananso, kabowo kakale kanali katalowa theka, katsopano kasanatuluke. Ndinatsala ndi chitsulo chosalala, chopanda polowera.

M'mawa mwake ndinapita kwa mnzanga wina, makaniki wa injini za maboti, Myao wa ku Chowe amene anakhazikika kugombe kwathu. Ndinamupeza atamasula injini pamchenga.

"Achimwene, mwabwera kudzapaka dzina pa chiyani lero?"

Ndinamufotokozera. Anapukuta manja pa ovolosi, nanditsegula pakamwa ngati akuyang'ana mbuzi pamsika.

"Walahi! Anakuikani giya m'kamwa? Ndiye mukamayasamula muziyamba mwaponda kilachi."

"Tasiya nthabwala, iwe. Lowetsa kiyi."

Anayesa. Zala zake n'zonenepa ngati chinangwa, ndipo zinkanunkha petulo. Chimodzi chikalowa, kuwala konse kunkathawa. Anandipendeketsa uku ndi uku, anayatsa tochi ya foni, anailuma ndi mano, inagwera pachifuwa panga. Pomaliza anakhala pansi n'kuseka mpaka kutsokomola.

"Ayi achimwene, muno n'mothina kuposa kabuleta. Ine ndingakuthyolereni dzino. Koma bwanji mukuvutika? Katswiri wa m'kamwa muli naye pakhomo."

"Ndani?"

"Apongozi anu."

"Wapenga kodi?"

"Ndapenga ine, kapena amene akuyenda ndi giya yosalowa?"

Ndinachokapo nditakwiya. Ndinakwera njinga mpaka kuchipatala chaching'ono cha m'dera lathu. Bambo amene ndinamupeza anayang'ana bwinobwino, nanena moona mtima kuti chinthu chotere sanachionepo ndipo sangachigwire. Anati ndiwaimbire amene anachiika. Nambala ya adokotala ndinali nayo m'thumba. Koma ndikanawauza chiyani, ine amene ndinkadziwa kuti mafupa ndi awiri olumikizana pakati? Sindinaimbe. Mkazi wanga akaimba foni ndinkati, "Zikuyenda, mayi, zikuyenda." Chonsecho ndinkangokhalira kukankha mano ndi lilime, kumvetsera ngati fupa layamba kugwirana. Masiku awiri ndi theka anapita choncho. Kasanu konse kiyi osalowa.

Tsiku lachitatu foni inalira ndili pakati posakaniza penti.

"Bambo, kodi zikuyenda?"

"Zikuyenda."

"Mkazi wa makaniki ali kuno, wabwera kudzaona mchemwali wake. Ndikufunsenso: zikuyenda?"

Ndinapitiriza kutakasa penti.

"Tamverani. Amayi ndawauza kale. Mawa m'mawa muyale mphasa kuseri kwa nyumba, mugone chagada, foni muiike pa mpando muitsegule mawu. Musayambe za m'mabuku."

"Koma mayi, mwambo..."

"Mwambo ausamala okha, anayamba kuusunga inu musanabadwe. Inu mungotsegula pakamwa."

M'mawa ndinasamba kawiri, mano ndinatsuka katatu, ndinavala malaya a kutchalitchi. Munthu wokagona pamphasa n'kuyasamula, koma malaya akusita! Ndinagona, mutu nditatsamira thumba la maukonde. Ndinamva mapazi akubwera pang'onopang'ono, ndinatsinzina mwamphamvu. Kenako nsalu inagwera pankhope panga, kuyambira pamphuno kupita kumutu. Inali chitenje chochapa kumene, chonunkhira sopo ndi utsi. Apongozi anali atapeza njira yawo: munthuyo anabisika, panatsala pakamwa pokha, ndipo pakamwa ndi pantchito pawo.

Foni inali pa mpando pakati pathu. Iwo anawerama n'kulankhula nayo.

"Iwe, uwauze atsegule."

Mawu a mkazi wanga anatuluka mufoni, kuchokera ku boma: "Akuti mutsegule."

Ndinatsegula.

"Uwauze lilime alitsitse, likunditchinga."

"Akuti lilime mutsitse."

"Auzeni ndatsitsa," ndinatero, ndipo potero ndinalikweza.

"Uwauze asayankhe."

"Akuti mukhale chete, bambo." Ndinamva azimayi ena a kuchidikiro akuseka kumbuyo kwake.

Mawu ankachoka pamphasa, kupita kunsanja ya netiweki, kukafika ku boma, n'kubwerera pamphasa pomwepo, pomwe pakati pa khutu langa ndi pakamwa pawo panali mkono umodzi. Koma zala zija! Sizinagunde dzino, sizinakhudze mlomo. Ndinangomva kawaya kakufufuza mofatsa ngati nyerere, kenako kanaima.

"Uwafunse anachita bwanji kuti asiye chitseko chili pakati."

"Akuti munatani?"

Kakiyi kali m'kamwa sindikanayankha, ndipo ndinathokoza Mulungu chifukwa cha zimenezo.

Anapeza m'mphepete mwa kabowo kakale, anakankha pang'ono, ndipo ndinamva kuthina kuja pakati pa maso. Sindinadziwe kuti munthu angasangalale ndi ululu chonchi. Fupa linali likuyendabe.

"Uwauze kabowo kena katuluka. Ndibweranso dzuwa likapendeka."

Masiku awiri tinachita choncho, m'mawa ndi masana. Koma mutu wanga sunagone. Ndinatenga pensulo n'kuwerengera pachikuto cha katoni: adokotala anati milungu itatu, kawiri pa tsiku, ndipo tsiku lobwerera ku Blantyre linali lolembedwa kale. Ine ndinali nditalumpha kasanu. Nzeru za m'buku la injini zinandiuza kuti boti likachedwa kunyamuka umawonjezera moto kuti ufike nthawi yake. Ndiye bwanji osapotokola kasanu kaja tsiku limodzi, n'kubwerera pamzere? Ndinaona kuti ndi nzeru zoti adokotala akanandifunsanso kuti ndinaziwerenga kuti.

Tsiku limene ndinakonza zonena maganizo amenewa, netiweki inasowa. Kunali mwera, magetsi anazima kuyambira dzulo lake, ndipo foni inangokhala ngati sopo. Ndinayala mphasa ndili ndi nkhawa, poganiza kuti popanda mkhalapakati sabwera. Koma mapazi aja anamveka, nsalu inagwera pankhope. Kenako ndinamva nkhuku ikupalasa pafupi ndi mutu wanga, thadzi lawo lamawangamawanga lomwe limawatsata paliponse.

Apongozi anakonza pakhosi.

"Iwe nkhuku, anthu ena akanatsegula pakamwa bwenzi titayamba."

Ndinamvetsa kuti mkhalapakati wapezeka. Ndisanatsegule, nanenso ndinalankhula pansi pa nsalu.

"Nkhuku iwe, ukawauze amayi kuti pali masiku amene anadumphidwa. Kasanu. Ndiye ngati n'kotheka lero apotokole kasanu ndi kamodzi, tibweze zotsalira."

"Nkhuku, amene anadumpha masikuwo ndani?"

"Nkhuku, zimenezo zinapita. Koma masamu ake ndi omveka. Ngakhale injini ikachedwa..."

"Nkhuku, kodi pamphasa pano pagona injini?"

Ndinayamba kufotokoza bwinobwino za mafupa awiri olumikizana pakati, za tsiku lolembedwa, za opaleshoni yaikulu imene inkandidikira ngati sitifika. Ndinalankhula nthawi yaitali, mawu akutuluka ndi kamluzu chifukwa cha mpata wa mano. Ndili pakati, ndinamva mapiko phaphapha, nkhuku ija yathamangira chiwala kuseri kwa nkhokwe. Tinatsala awiri.

Mphepo inkagwedeza nsalu pamphuno panga.

"Apongozi."

M'zaka zitatu, aka kanali koyamba mawu awo kubwera kwa ine osadzera kwina.

"Wawa," ndinayankha.

"Mwana wanga anandiuza zimene adokotala ananena: kamodzi m'mawa, kamodzi masana. Mukaiwala tsiku, musabweze, mungopitiriza. Akuti ananena kawiri, inu mukuwerenga khoma."

Anapitiriza.

"Ine sindinawerenge buku. Koma munga wa pakhosi ndikaukoka mothamanga umathyokera m'kati, ndipo wotsalawo ndi umene umatupitsa munthu. Thupi silifuna kulikakamiza. Ndipotokola kamodzi. Tsegulani."

"Koma tikapanda kufika, amayi?"

"Tikapanda kufika akatiuza eni ake. Tsegulani."

Ndinatsegula. Anapotokola kamodzi. Atachotsa nsalu n'kutembenuka, ndinasuzumira ndi diso limodzi ndipo ndinaona akumanga kakiyi pangodya ya chitenje chawo, mfundo ziwiri. Kuyambira tsiku limenelo mpaka tsiku lomaliza kakiyi sikanagonenso m'nyumba mwanga. Anali atandiwerenga bwino kuposa mmene ine ndinawerengera buku lililonse, chifukwa galasi la njinga lija ndinali ndisanabweze.

Netiweki inabwera mawa lake, koma foni sitinaigwiritsenso ntchito. Nsalu yokha ndiyo inatsala. Mawu athu anali ochepa: "Tsegulani." "Zikuwawa?" "Pang'ono." "Basi." Tsiku lina anawonjezera kuti, "Usipa uja mwadya dzulo watsalira pachitsulo, muzitsuka ndi madzi a mchere," ndipo ndinachita manyazi mpaka madzulo. Tikakumana panjira, iwo ankapatukirabe m'tchire monga kale, ngati si iwo amene m'mawa womwewo anali m'kamwa mwanga mpaka m'chigongono.

Mpata wa mano unakula. Poyamba munkalowa chikhadabo, kenako kamtengo ka machesi, kenako njere ya chimanga. Azimayi a pathandala anayamba kundiseka mokoma. "Alembi, mpata umenewu mwautenga kuti ukulu uno? Ena timachita kubadwa nawo!" Wina anati ndikanakhala nawo kale, bwenzi nditakwatira mwana wa mwini maboti. Makaniki uja ankati ndikamayankhula aziyamba wamanga chipewa, chifukwa mphepo ikutuluka pawindo. Ine ndinkaseka nawo pakamwa pokha. Kasanu kaja kankandiwerengera kokha. Ndipo sabata yomaliza kiyi inayamba kulimba. Apongozi ankakankha, n'kupuma, n'kukankhanso. Tsiku lina ndinafunsa pansi pa nsalu ngati fupa lagwirana.

"Likuyenda," anatero. "Likungonyinyirika."

Kutatsala tsiku limodzi kuti ndipite ku Blantyre, uthenga unabwera woti mkazi wanga matenda amuyamba. Apongozi anapotokola kam'mawa, anamasula kakiyi pachitenje, anakaika pamphasa pafupi ndi dzanja langa, nathamangira kabaza. Masana foni inalira: mwana wamkazi, onse ali bwino. Ndinavina ndekha pabwalo, burashi ili m'manja, mpaka penti wobiriwira anadonthera pa mbuzi. Ndinkafuna kupita nthawi yomweyo, koma mkazi wanga anakana. "Yambani kwa adokotala. Mwana sathawa. Mudzere kuno pobwerera."

Adokotala anandigoneka pampando wawo, anayeza ndi kachitsulo kokhala ndi manambala, anandiuza kuti ndilume, nayang'ana mbali iyi ndi inayo. Asanandiuze zotsatira, ndinaona kuti kuli bwino ndiulule ndekha.

"Adokotala, ndinalumpha kasanu. Ayi, kasanu ndi kamodzi, kuphatikiza dzulo masana."

"Ndiye munabweza?"

"Ndinkafuna. Apongozi anakana."

"Apongozi?" Anatsitsa chophimba pakamwa. "Amene amapotokola ndi apongozi anu? Aakazi?"

"Eya. Ankandifunditsa nsalu kumaso."

Namwino amene anali pambali anatembenukira kukhoma, mapewa akugwedezeka. Adokotala anadziletsa, koma maso anawapereka.

"Mukawathokoze. Mukanapotokola kambiri tsiku limodzi, timisomali tikanatha kugwedera kapena kupindika, ndipo bwenzi tikukamba zina lero. Tayang'anani apa." Anandipatsa galasi. "Mano am'mwamba akumbuyowa kale ankagwera m'kati mwa am'munsi. Tsopano ali kunja, mmene amayenera kukhalira. Masiku aja ndinachita kuwonjezerapo dala, chifukwa palibe munthu amene salumpha. Tafika."

"Ndiye opaleshoni yaikulu ija?"

"Iwalani. Kachitsuloka ndikamanga kuti kasayendenso, kakhala miyezi ingapo fupa latsopano likudzaza pakati. Mpatawu uchepa wokha, wotsalawo tidzatseka ndi mawaya."

Anamanga kabowo ndi kawaya, kakiyi n'kukaponya m'mbale yachitsulo. Kanalira ngati kandalama. Ndinafuna kunena kanthu kanzeru kochokera m'buku, koma palibe chinabwera, ndipo ndikuganiza kuti tonse tinapindula.

Ndinafika ku boma nthawi yoona odwala itatsala pang'ono kutha. Mkazi wanga anali atakhala pabedi, mwana ali pamiyendo. Apongozi anali pamkeka pansi, kumbali ya khoma, akupinda matewera. Mkazi wanga anali asanaone mpata uja utakula. Nditangomwetulira, anagwira pamimba.

"Mayo ine! Musandiseketse, ndikumva kuwawa! Achemwali, tabwerani mudzaone, amuna anga awatsegula geti!"

"Akuti ndakongola, azimayi a kugombe."

"Azimayi ake ati? Tatsekani pakamwa apo, mungandiopsezere mwana."

Ndinatseka. Anandipatsa mwana, kanthu kopepuka kofunda, nkhonya zili pamasaya. Ndinaweramira pamutu pake, ndipo ndinakhala choncho nthawi yaitali ndisanazindikire kuti milomo yanga ili chitsekere ndipo mpweya ukulowa wokha m'mphuno, mbali zonse ziwiri, pamodzi ndi fungo la mkaka ndi la nsalu yatsopano.

Kumbali ya khoma kunamveka mawu, osatembenuka.

"Apongozi, zatheka?"

"Zatheka, amayi. Akuti tafika."

"Chabwino." Anapinda thewera lina. "Gwirani bwino mutu wa mwanayo."